Keyala Yobwereka

Ndisanavule n'komwe jekete,
sava yayamba kale kugawa malo.
Foni ya mlonda ndiyo imafika m'mamawa,
n'kufuulira aliyense amene ali pa waya:
ndabwera, ndipatseni pokhala!
Lero yalandira 192.168.1.41,
kwa maola asanu ndi atatu basi.
Ikafuna kugonera, ipemphenso.

Laputopu ya a Chikaonda a ku akawunti
dzulo inali pa 53, lero ili pa 60,
eni ake sakudziwa n'komwe kuti asamuka.

Pulinta yokha ndiyo ili ndi puloti.
Nambala yake ndinailemba ndi zala zangazi
chaka chimene ndinayamba ntchito ku Malangalanga kuno:
khumi.
Magetsi azime katatu, ikadzuka ili pomwepo.
Imatafuna mapepala, Lolemba imanyanyala,
koma palibe amene amafunsa njira yopitira kwake.

Lachitatu lapitali kunagwa mlandu.
Yotamu wa ku sitolo, poona kuti zikuchedwa,
anadzilembera yekha nambala, osagogoda,
n'kugwera pa khumi pomwepo.
Makina awiri, khomo limodzi.
Malisiti anasochera mpaka masana,
bwana akundiimbira ngati ndawabisa m'thumba.
Ndinakwawa pansi pa madesiki, fumbi m'mphuno,
mpaka ndinawapeza olimbanawo.
Chigamulo sichinavute:
wakale akhale,
watsopano abwerere pamzere.

Madzulo ndimapanikizana mu minibasi ya ku 25.
Mzinda uno nawonso ndi wa manambala,
kungoti sayenda motsatana:
ukachoka pa 18 wagwera kale mu 49,
mlendo amawerenga zala n'kusokera.

Ndiye mundifunse kumene ndimakhala.
Mutsike pa chigayo,
mudutse tchalitchi cha malata chija,
geti lachitatu, lobiriwira, mumenye ndi mwala.
Kuseri kwake tilipo mabanja asanu ndi anayi
pa mita imodzi ya madzi.
Wa kabaza akabwera ndi katundu amathera pageti,
kamtsikana ka eni mpanda ndiko kamadziwa
kuti ichi n'cha chitseko chiti.
Rauta ya kuntchito imachita chimodzimodzi:
makina makumi anayi mkati,
kunja dziko limaona nkhope imodzi.

Zaka zisanu ndi chimodzi, nyumba zinayi.
Kawale, Biwi, Chinsapo, kenako kuno.
Ndinaphunzira kwa makina kusadikira tsiku lomaliza:
mwezi ukafika pakati ndimakapereka moni,
n'kufunsa mwaulemu ngati ndikadalipo.
Dzulo Mayi Nachisale anayankha akuyanika zovala,
osandiyang'ana:
mphwanga akubwera kuchokera ku Joni,
chipinda chanucho akuchifuna.

Ku koleji anatiuza kuti manambala akale anatha,
oyambirira anatapa ndi manja awiri,
ochedwafe tikugawana zotsala.
Akuti kunabwera ena aatali, osakaniza ndi zilembo,
ochuluka kuposa mchenga wa mu Lingadzi,
oti ngakhale ketulo ikhale ndi keyala yakeyake.
Ndinalemba zonse m'kope, mayeso ndinakhoza.
Za maloti a anthu sanatchule.

Mawa ndikatsegulanso mndandanda,
ndikaone amene alowa, amene nthawi yawathera,
ndikachotse foni ya mlendo wa sabata yatha
imene ikadagwirabe mpando.
Pamwamba penipeni pali kamzere
kamene bwana sanakaonepo.
Ndinakamangirira ku laputopu yanga yakale,
ya batire lakufa, yosowa batani la M,
kuti wina asadzapatsidwe, ngakhale nditapita kutchuthi.
192.168.1.7.

Makatoni ndapempha kale kwa Yotamu.
Wina akandifunsa kumene angandipeze mwezi wamawa,
ndimutchulira imeneyo.